Colistin kapena ceftazidime-avibactam kwa munthu wa impso zofooka?

Ndikupempha nzeru kwa madokotala ndi odziwa za mankhwala amene muli pa gulu lino. Bambo anga, omwe amadwala shuga, agonekedwa m'chipatala kwa masabata awiri. Atayezedwa magazi kunapezeka bakiteriya wotchedwa Klebsiella pneumoniae, ndipo ngakhale alandira meropenem kudzera m'dilipi kwa masiku asanu, thupi silinasiye kutentha. Usiku amanjenjemera mpaka bedi kugwedezeka. Zotsatira za ku labu zasonyeza kuti kachilomboka sikakumva meropenem. Adokotala atchula mankhwala awiri, colistin ndi ceftazidime-avibactam, koma ine mantha anga ali pa impso, chifukwa mkodzo wa m'thumba lija lopachikidwa pabedi ukucheperachepera tsiku ndi tsiku. Kodi mankhwala awiriwa amasiyana bwanji, ndipo ndikawafunse chiyani adokotala mawa?

Yankho

Pepani mayi, matendawa ndi ovuta. Colistin ndi mankhwala akale. Anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1950, kenako madokotala anawasiya m'ma 1970 chifukwa chowononga impso ndi minyewa, ndipo anabwereranso pamene tizilombo tosamva mankhwala tinachuluka. Kwa munthu amene impso zake zayamba kale kufooka, ine sindingathamangire colistin ngati pali njira ina.

Ceftazidime-avibactam inavomerezedwa ku America mu 2015 ndipo siivutitsa impso ngati colistin, komabe siigonjetsa Klebsiella aliyense. Bakiteriya ameneyu amapulumuka potulutsa enzyme yomwe imaphwanya mankhwala, ndipo avibactam, yomwe ndi mbali imodzi ya mankhwalawa, imatha kutsekereza enzyme za mtundu wa KPC ndi OXA-48, pomwe ya NDM imailephera. Ikakhala NDM, madokotala nthawi zambiri amaphatikizapo aztreonam, popeza enzyme imeneyo siiphwanya aztreonam.

Choncho mawa muwafunse adokotala ngati labu yapeza mtundu wa enzyme, kapena ngati inayesa ceftazidime-avibactam yeniyeniyo pa kachilombo ka bambo. Mufunsenso za mlingo wa creatinine m'magazi, womwe umasonyeza mmene impso zikugwirira ntchito, chifukwa ceftazidime-avibactam imachoka m'thupi kudzera mu impso ndipo mlingo wa mankhwalawa uyenera kusinthidwa impso zikafooka. Musaiwale kufunsa kumene kachilomboka kakuchokera: ngati kakhazikika pa paipi ya mkodzo kapena ya dilipi, paipiyo iyenera kuchotsedwa kapena kusinthidwa, apo ayi ngakhale mankhwala oyenera amavutika kugwira ntchito.