Mwana wanga wachedwa kuyankhula, nditani?

Amayi anzanga ndi abambo m'gulu muno, ndithandizeni nzeru. Ndili kuno ku Mangochi, mwana wanga ali ndi zaka 2 ndi miyezi 4 koma amangotchula "mama" ndi "madzi" basi. Kusikelo anatiuza kuti ubongo umakula kwambiri m'masiku 1000 oyambirira, kuyambira ali m'mimba mpaka zaka 2. Ndiye kodi tachedwa kale?

Phala ndimamuthirira nsinjiro ndi ufa wa usipa, mchere wake wa ayodini. Koma ndisabise, ndikatanganidwa pa geni ya nsomba ndimangomupatsa foni kuti asalire. Apongozi akuti vuto n'kumuyankhula Chiyao ndi Chichewa pamodzi, ine zimenezo sizikundilowa.

Inu amene zinakuchitikiranipo, munayamba n'kukamuyezetsa makutu kapena kumupititsa kusukulu ya mkombaphala?