Gulu la Chitukuko cha Kwathu: ndalama ya ku Joni ipite ku tabenakulo kapena ku Tilitonse?

Mlembi: Moni nonse. Mwana wakwathu wa ku Johannesburg watumiza K1,800,000 ku akaunti ya gulu, akuti igwire ntchito pa tchalitchi cha kumudzi. Khonsolo ya tchalitchi ikufuna tabenakulo, bokosi losungiramo Ukaristia m'tchalitchi. Tiyankhule.

Nambewe: Mulungu amudalitse mwanayo. Ibwere tabenakuloyo. Wansembe amafika kamodzi pa miyezi iwiri, agogo athu akutsikira kuli chete osalandira.

A Maseko: Pang'onopang'ono amayi. Tabenakulo si kabati yoti mwagula lero mawa mwaikamo Ukaristia. Choyamba ndi chilolezo. Nthambi ngati yathu siingasunge Ukaristia popanda Ambuye Episkopi kuvomera, ndipo kalata imadzera kwa Bambo Mfumu, osati kwa ife a pa foni. Lamulo la Mpingo, nambala 934, limafuna munthu wodziwika woyang'anira malowo, komanso kuti ngati nkotheka wansembe azichitapo Misa kawiri pa mwezi. Inu mwanena nokha kuti amafika kamodzi pa miyezi iwiri. Mukuwona pamene pagona nkhani?

Nambewe: Ndiye tikhale chonchi mpaka liti?

A Maseko: Ndikadali pomwepo. Nambala 938 imati tabenakulo ikhale yosasunthika, yolimba, yosawonekera mkati, yokiyidwa. Ndiye kuti bokosi lachitsulo chochindikala, lomangidwa ndi mabawuti anayi olowa m'chipilala cha konkire. Khoma la kuseri kwa guwa lija ndi la njerwa zomanga ndi dothi. Munthu wa chigwandali cha khasu alizula bokosilo usiku umodzi. Pafunika chipilala chakechake, chochokera pa maziko, zitsulo zinayi za Y12 (za mamilimita 12) mkati, simenti imodzi, mchenga wa kumtsinje ziwiri, kwale zinayi. Muzichithirira madzi masiku asanu ndi awiri musanapachikepo kanthu. Kenako chitseko cha tchalitchi, chomwe pano chimatsekedwa ndi waya. Kenako mawindo asanu ndi atatu opanda zitsulo. Ndalama ithera pamenepo bokosi lisanagulidwe.

Mlamu wa ku Area 25: Simenti ya chipilalayo titenga pa matumba 40 aja?

Nangozo: Hahaha alamu mwayamba.

Msungichuma: Nkhani ya matumba inatha pa msonkhano. Ine ndinalandira buku lili kale choncho.

Mlamu wa ku Area 25: Inatha bwanji risiti sitinaiwone? Anati simenti inawuma m'sakristiya. Matumba 40 kuwuma onse, osatsalako ngakhale mwala woti tiwuwone?

A Maseko: Simenti imawumadi mukaigoneka pansi m'nyengo ya mvula, imafuna pa matabwa, kutali ndi khoma. Koma yowuma siiwuluka. Zimenezo tizisiye kaye, pali china chomwe khonsolo sinawerengere. Denga limadontha cha ku guwa komweko, ndipo mileme yadzaza kudenga. Hostiya ndi ufa wa tirigu ndi madzi basi. Mu Januwale ndi Febuluwale chinyezi chikalowa zimafewa, zimamatirirana, zina zimachita nkhungu. Nyerere zikapeza mpata pa chitseko cha bokosi zimalowa. Nchifukwa chake lamulo limati zizisinthidwa pafupipafupi, zakale zidyedwe moyenera. Pafunika chikho chokhala ndi chivindikiro chothina, ndi kabokosi kakang'ono konyamulira kwa odwala. Wosintha hostiyazo ndani ngati galimoto ya ku parishi siiwoloka dambo mvula ikagwa?

Nangozo: Ine maganizo anga ndi ana. A Tilitonse, ana a kalasi ya katekisimu, amaphunzira pansi pa mtengo wa mango, mvula ikangoti waa kalasi yatha. Magulu atatu, okonzekera Ukaristia woyamba, a Ulimbitso ndi akatekumeni, onse mphunzitsi mmodzi, buku la katekisimu limodzi lothothoka masamba. Mwana amafika pa mayeso osatha kunena pemphero la chikhulupiriro mpaka kumapeto. Tiwamangire shedi ya mamita 6 kwa 9, mizati ya njerwa zootcha, khoma lofika m'chiwuno, malata, bolodi lopaka pakhoma, mabenchi khumi. Njerwa miphakati iwumbe yokha.

Nambewe: Miphakati yake iti? Wa kumtunda sunabwere tsiku lina lililonse pamene timatuta mchenga wa chimbudzi.

Achimwene a ku Blantyre: Amayi musatinyoze. Wa kumtunda ndi umene unatsogola pa mtulo chaka chatha, funsani mlembi wa tchalitchi.

Nambewe: Mtulo ndi wa ku parishi. Mchenga ndi wa pano.

A Maseko: A Nangozo akhudza penipeni, kungoti shedi payokha siphunzitsa mwana. Vuto lalikulu ndi kaundula. Mwana sangalandire Ukaristia woyamba popanda umboni wa ubatizo, ndipo makadi ambiri anadyedwa ndi chiswe m'nyumba za makolo. Chaka chilichonse sabata yomaliza ndi pamene makolo amathamangira ku parishi kukafufuza m'mabuku, ena anabatizidwa ku parishi ina. Ntchito imeneyi ichitike mwezi woyamba wa maphunziro. Gulu lililonse likhale ndi hadikava yake: dzina la mwana, makolo, mphakati, tsiku ndi malo a ubatizo, nambala ya m'buku la ubatizo, ndi mzere wochonga Lamulungu lililonse. Wojomba katatu motsatana, atsogoleri a mphakati wake akawone kunyumba. Ndiponso mwana ayenera kuyamba walapa asanalandire, ndiye tsiku la kulapa mulipemphe kwa Bambo Mfumu padera, osati m'mawa wa chikondwerero ana atavala kale zoyera. Miphakati inayambira ntchito ngati zimenezi. Sinodi ya ku Lilongwe ya 1973 mpaka 1975, nthawi ya Ambuye Patrick Kalilombe, inkafuna Mpingo wodziyendetsa kuyambira m'midzi. Lero mphakati tausandutsa komiti yotolera ndalama za yunifolomu.

Nangozo: Yunifolomu ya kwaya ilowa bwanji apa?

Mlamu wa ku Area 25: Ilowa. Nsalu ija tinasonkha mamita angati, inasokedwa ingati?

Mlembi: Chonde tibwerere pa mutu.

Achimwene a ku Blantyre: Za nyali ya pa tabenakulo musadandaule nazo. Babu ya LED ya 2W kuyaka usana ndi usiku ndi 48Wh pa tsiku. Batire ya 12V 20Ah, mukamagwiritsa theka lake kuti isafe msanga, ikupatsani masiku awiri ndi theka opanda dzuwa. Sola ya 30W ndi kontirola zakwana. Chomwe chimapha batire ndi anthu kutchajirapo mafoni, ndiye ikhale m'bokosi lokiya.

A Maseko: Masamu ali bwino achimwene, koma malangizo a Misa amatchula nyali ya mafuta kapena ya phula. Ya magetsi ilipo m'matchalitchi ambiri, komabe mufunse kaye. Ndipo kiyi wa tabenakulo sasungidwa pansi pa nsalu ya pa guwa ngati mmene mumachitira ndi wa sakristiya. Atumiki a Ukaristia nawonso sitisankhana pa gulu pano. Amasankhidwa, amaphunzitsidwa, amatumidwa ndi Mpingo. Maganizo anga ndi awa: tikonze denga ndi chitseko, tigule makatekisimu, mahadikava ndi njinga ya akatekisiti, yotsalayo itumize anthu awiri ku maphunziro. Papa Francis anakhazikitsa utumiki wa akatekisiti mu 2021, ife wathu akuyendabe wapansi midzi isanu ndi umodzi.

Nambewe: Njinga inagulidwapo kale. Ili kuti?

Msungichuma: Inathyoka foloko.

Mlamu wa ku Area 25: Foloko yake imanyamula matumba a fodya kupita ku msika?

Nambewe: Ine ndaima pa tabenakulo. Odwala sangadikire shedi.

A Maseko: Odwala angathe kulandira ngakhale mwezi uno. Mtumiki wotumidwa akatenge hostiya zopatulidwa ku parishi Lamulungu m'mawa, apite molunjika kwa wodwala, osagona nazo kunyumba. Chofunika ndi mndandanda wa odwala kuchokera ku mphakati uliwonse, ndi njinga.

Mlembi: Mwini ndalama akufunsa kuti mwagwirizana chiyani. Ndimuyankhe bwanji?

Mlamu wa ku Area 25: Muwuzeni asatumize ina mpaka tiwone buku.

Msungichuma watuluka m'gulu.

Nangozo: Nanga siginecha yachiwiri ku banki ndi ya ndani?