Cleopatra akukana ubwenzi mu Civilization VI, ndithandizeni nzeru

Anzanga okonda magemu, ndili kuno ku Kasungu ndipo ndimasewera pa laputopu gemu yolamulira mayiko ya Civilization VI, yokhala ndi zigawo zowonjezera za Rise and Fall komanso Gathering Storm. Ndimalimbana ndi kompyuta basi, poti bando ya intaneti yosewerera ndi anthu sindingaikwanitse.

Ndatenga Shaka wa Azulu. Kumpoto kwanga kuli Gilgamesh, mtsogoleri wa dziko la Sumeriya, ndipo ameneyu sanavute: nditangokumana naye ndinapempha ubwenzi, iye n'kuvomera pomwepo. Amene wandiimitsa mutu ndi Cleopatra, mtsogoleri wa Iguputo. Ndinamutumizira nthumwi zija zimadya golide 25, tinatsegulirana malire, amalonda anga amafika m'mizinda yake, koma ndikangotchula za ubwenzi amakana. Civil Service, phunziro lomwe limatsegula njira ya migwirizano mugemuyi, ndinamaliza kale, ndiye chikutchinga mgwirizano ndi kukana kwakeko.

Ndikudziwa kuti mayi ameneyu amanyoza mayiko a asilikali ochepa, n'chifukwa chake ndachulukitsa ma Impi, asilikali a Azulu, koma mtima wake sunafewebe. Chomwe ndikukayikira ndi mzinda wa Harald Hardrada, mtsogoleri wa Norway, umene ndinalanda pankhondo yomwe ndinayambitsa ine. Kodi madandaulo a Harald, omwe gemuyi imawerengera ukalakwira dziko lina, ndi amene akundiipitsira mbiri kwa Cleopatra? Ngati zili choncho, ndidikire kuti azilale okha, kapena ndibweze mzindawo? Kubweza kukundiwawa, chifukwa doko langa labwino lili komweko.

Chinanso, mgwirizano wanga ndi Gilgamesh ndi wa zachuma ndipo ma turn ake 30 ali pafupi kutha. Poti Harald akusonkhanitsa zombo pafupi ndi gombe langa, ndiupitirize womwewo kapena ndisinthe ukhale wa zankhondo? Amene munayesapo zonse ziwiri, chinakupindulirani n'chiti?