.308 Winchester kapena 6.5 Creedmoor: chipolopolo chiti chowombera chandamale patali?

Wakuntcheu: Akuluakulu, ndalowa kalabu yowombera chandamale kuno ku South Africa kumene ndimagwira ntchito, ndipo ndikufuna kudzagula mfuti yangayanga chiphaso chikangotuluka. Anzanga akundiuza kuti nditenge 6.5 Creedmoor chifukwa .308 Winchester ndi yachikale, komabe ndikuona kuti madoda ambiri owombera pa mayadi 1,000 akugwiritsabe ntchito .308. Kodi zipolopolo ziwirizi zinachokera kuti, ndipo zimasiyana pati kwenikweni?

Gogo Mlenje: Achimwene, .308 ndi yakale ndithu, koma ukalamba wake uli ndi chifukwa. Kampani ya Winchester inaitulutsa mu 1952, ndipo mu 1954 mayiko a NATO anavomereza mnzake wa asilikali, 7.62x51, amene anachokera pa kufupikitsa chigoba (chosungira onga) cha .30-06, chipolopolo chakale cha asilikali a ku America, kuchoka pa mamilimita 63 kufika pa 51. Chifukwa chakuti onga wa nthawi imeneyo unali utapita patsogolo, chigoba chachifupicho chinkatulutsa liwiro loyandikira la chija chachitali. Mipikisano ya ku Bisley, ku England, kale inkachitika ndi .303 British, chipolopolo chomwecho chimene makolo athu a King's African Rifles ankanyamula mu mfuti za Lee-Enfield, koma asilikali atasamukira ku 7.62, owombera chandamale a m'mayiko a Commonwealth anatsatira. N'chifukwa chake mukuiona paliponse kumeneko.

Creedmoor ndi mwana wa dzulo. Kampani ya Hornady inaitulutsa mu 2007, atailinganiza Dave Emary pamodzi ndi katswiri wa mipikisano Dennis DeMille, ndipo cholinga chawo kuyambira pachiyambi chinali chandamale, osati nkhondo kapena ulenje. Dzinalo limakumbutsa bwalo la Creedmoor ku Long Island, New York, kumene mpikisano woyamba wa Palma, wa mayiko osiyanasiyana wowombera chandamale patali, unachitikira mu 1876.

Mayi Nachisale: Bambo Wakuntcheu, anzanuwo sakunama pa nkhani ya kauluke. Mutu (mbali ya chipolopolo imene imauluka) wa 6.5 wolemera 140 grain, omwe ndi pafupifupi magalamu 9, ndi wautali ndi wowonda, ndipo ngakhale umatuluka pa liwiro la pafupifupi mamita 820 pa sekondi, losasiyana kwenikweni ndi la .308, sutaya liwirolo msanga m'mlengalenga. Zotsatira zake n'zakuti mphepo yam'mbali imaupatutsa pang'ono poyerekeza ndi wa .308, ndipo aliyense amene anagonapo pansi n'kumayang'ana mbendera zikukupiza mosinthasintha pakati pa iye ndi chandamale amadziwa kuti mphepo ndiyo imadya mapointi, osati kutsika kwa chipolopolo, popeza kutsikako kumawerengeka musanawombe. Creedmoor imakankhanso phewa mofatsa, moti munthu amatha kuona yekha m'galasi la mfuti pamene chipolopolo chagwera.

Ngati musankha .308, samalani ndi mutu umene mugule. Wa 168 grain wa Sierra MatchKing ndi wabwino kwambiri pa mayadi 300 mpaka 600, koma ukamayandikira 1,000 liwiro lake limatsikira pafupi ndi la phokoso ndipo umayamba kugwedezeka. Owombera Palma amagwiritsa ntchito wa 155 grain mu mpope wa mfuti wautali mainchesi 30 kuti ufike usanafooke.

Gogo Mlenje: Mayi afotokoza bwino, koma pali mfundo imene ikuyankha funso lanu mwachindunji, achimwene. Madoda amene mukuwaonawo sakukakamira .308 chifukwa chosadziwa. Malamulo a Palma ndiponso a F-TR, limodzi mwa magulu a mipikisano ya F-Class yowombera patali chogona pansi, amalola .308 ndi .223 zokha, kotero mukabwera ndi Creedmoor mu F-Class adzakuikani m'gulu lina la F-Open, kumene mudzapikisana ndi anthu a zipolopolo za mamilimita 7 zimene zimaiposa pa mphepo. Kumene Creedmoor imasangalatsa ndi ku mipikisano ya mtundu wa PRS, yowombera zitsulo pa mitunda yosiyanasiyana mothamangitsana ndi nthawi. Kumbukiraninso kuti mpope wa 6.5 umaperepeseka msanga kuposa wa .308, popeza onga wochuluka chimodzimodzi umadutsa pa kabowo kocheperako, ndipo kusintha mpope si ndalama yochepa.

Wakuntcheu: Zikomo kwambiri, Gogo ndi Mayi. Kalabu yathu imawombera F-TR kwambiri, choncho ndilembetsa chiphaso cha .308, ndipo ndifunsa kaye wosula mfuti ngati mizere ya m'kati mwa mpope ingazungulitse bwino mitu yolemerapo kuposa 155 grain.