Ndithandizeni, phunziro la chitetezo cha m'thupi landizunguza mutu

Membala wosatchula dzina: Akuluakulu, ndili m'chaka chachiwiri ku yunivesite ndipo immunology, phunziro la chitetezo cha m'thupi, yandikanika. Kuhositelo magetsi akumazima usiku uliwonse, mnzanga wa m'chipinda anabwereka buku langa mwezi watha osabweza, ndalama ya ngongole nayonso yachedwa moti ndikumagonera mbatata. Amayi anagulitsa mbuzi ziwiri kuti ndifike pano, ndiye ndikalephera ndikawauza chiyani? Ndiwerenge bwanji?

Namwino wopuma ntchito: Mwanawe, vuto lanu ana a lero ndi kuwerengera pa foni. Ife tinaphunzirira pa bedi la odwala, ndipo amene anasamalirapo munthu yemwe CD4 yake (chiwerengero cha maselo otsogolera chitetezo m'magazi) yatsika kufika pansi pa 200, zilonda zoyera zitadzaza m'kamwa, saiwala kuti HIV imapha maselo omwe amatsogolera asilikali a m'thupi.

Wophunzira wa chaka chachinayi: Achimwene, simunatiuze mutu womwe ukukuvutani kapena tsiku la mayeso. Yambani kusiyanitsa innate, chitetezo chobadwa nacho monga khungu ndi ma neutrophil (mtundu wa maselo oyera a m'magazi), ndi adaptive, chomwe chimakumbukira kachilombo komwe chinakumana nako. Jambulani papepala momwe maselo a chitetezo otchedwa ma T cell amakhwimira mu thymus (kachiwalo ka m'chifuwa) pamene anzawo, ma B cell, amapanga ma antibody (mapuloteni olimbana ndi tizilombo).

Bambo wa ku Mzuzu: Inenso mnzanga ananditengera laputopu sabata ya mayeso, ndipo ndinabwereza chaka. Gulani loko lero lomwe.

Namwino wopuma ntchito: Kujambula nkutaya nthawi! Apite ku sikelo akaone chipsera cha katemera wa TB wa BCG pa mkono wa khanda, afunsenso chifukwa chake katemera wa malungo, yemwe anayambira kuno ku Malawi mu 2019, amaperekedwa kangapo.

Mayi wogulitsa zitsamba: Azimwa chammwamba m'mawa uliwonse, chitetezo chake chikwera ndipo mutu ugwira.

Namwino wopuma ntchito: Mayi, musasocheretse mwana. Chammwamba ndi ndiwo zabwino, koma mayeso sadzafunsa zimenezo.

Wophunzira wa chaka chachinayi: Mayi namwino, ulemu wanu, koma mayeso amalembedwa papepala. Achimwene, lowezani magulu asanu awa a ma antibody: IgG, IgA, IgM, IgE ndi IgD, podziwa kuti IgG imachoka kwa mayi kupita kwa mwana ali m'mimba, pamene IgA imachuluka mu mkaka wa m'mawere.

Namwino wopuma ntchito: Za mkaka wa m'mawerezo ndakhala ndikuphunzitsa amayi iwe usanabadwe, ndiye usandiuze ine.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse, koma za bukulo, ndikamunenere kwa oyang'anira hositelo kapena ndimudikirebe?