Zija ndinafunsa za nsomba za koi nthawi yachisanu

Abale paja mu Novembala ndinafunsa kuti koi zanga zipulumuka bwanji chisanu cha kuno ku Leeds, ku England, ndiye ndati ndikuuzeni, zonse zilipo. Madzi atatsika pansi pa madigiri 10 ndinasiya kuzipatsa chakudya, zimangokhala duu pansi pa dziwe ngati zafa, mpaka mayi akunyumba amvekere tingozikazinga basi kkkk. Pamwamba pataundana sindinamenye ndi hamala monga munandiletsera, ndinangokhazikapo poto wa madzi otentha mpaka kuboola kabowo koti mpweya woipa uzitulukira. Pampu ya mpweya ndinaikweza chakumtunda kuti isavundule madzi apansi, paja kumeneko amakhala ofundirako, cha m'madigiri 4. Dzulo koi ina yofiira yabwera pamwamba kudzapempha, koma ayi ndithu, idikire kaye kutenthe.