Kodi maganizo a okonza masiku oyesa mapulogalamu tingawapeze bwanji?

mkonzi_wa_mayeso walemba:

Moni nonse. Ndili m'kagulu kamene kamayang'anira masiku oyesa pulogalamu yathu, yomwe khodi yake ndi yotseguka kwa aliyense. Mtundu watsopano ukatsala pang'ono kutuluka, timasankha tsiku, timalemba malangizo a zoyenera kuyesa pa tsamba la wiki, kenako anthu odzipereka amaika pulogalamuyo pa makompyuta awo n'kulemba zimene apeza. Maganizo a oyesawo sativuta kuwamva, chifukwa amalankhula momasuka tsiku lomwelo. Amene sitiwamva ndi okonza tsikulo, omwe kawirikawiri amakhala opanga mapulogalamu amene anapempha kuti gawo lawo liyesedwe. Ntchito ikatha amabwerera ku zochita zawo, ndipo ife timatsala osadziwa ngati khama lawo linapindula kapena ngati angafunenso kukonza tsiku lina. Chonde, amene munachitapo zimenezi, tiwafunse liti, tiwafunse chiyani, ndipo tidzere njira iti?

mlonda_wa_malipoti wayankha:

Zikomo pofunsa nkhani imeneyi, chifukwa ambiri amaiona ngati yaing'ono. Ine ndikulangizani kuti muwafunse kawiri. Koyamba kukhale masiku ochepa tsikulo litangodutsa, pamene akukumbukirabe zimene zinawasautsa pokonzekera. Kachiwiri kukhale mtundu watsopano utatuluka, popeza ndi pamene zimadziwika ngati mavuto amene anapezeka anakonzedwadi. Ganizirani za Fedora, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ya m'gulu la Linux, yomwe imatulutsa mtundu watsopano pafupifupi miyezi 6 iliyonse ndipo imachititsa masiku otchedwa Test Days mkati mwa nyengo imeneyo. Pa ndondomeko yothina chonchi, vuto lopezeka mochedwa lingathe kudikira mpaka mtundu wotsatira, choncho funso lakuti tsiku loyesa linabwera pa nthawi yoyenera ndi lalikulu kwambiri, ndipo amene angaliyankhe bwino ndi wokonza yekha.

Musamafunse kuti “Kodi zinayenda bwino?” chifukwa munthu waulemu adzangoti zinayenda bwino. Funsani zinthu zogwirika. Kulemba malangizo kunawatengera nthawi yochuluka bwanji? Fayilo ya ISO (yoikira pulogalamu pa kompyuta) kapena phukusi loyenera kuyesedwa linali lokonzeka tsikulo lisanafike? Ndi langizo liti limene oyesa ambiri sanalimvetse? Pa malipoti amene analowa, ndi angati anali obwereza vuto lodziwika kale, ndipo ndi angati anafika opanda ma log (zimene pulogalamu imalemba yokha za mmene yayendera) kapena osatchula mtundu wa kompyuta? Ndinaonapo tsiku lina pamene oyesa ambiri analemba kuti mayeso a kamvekedwe ka mawu alephera, koma wokonza atafufuza anapeza kuti langizolo silinanene kuti ayambe ayambitsanso kompyuta akamaliza kuika pulogalamu. Pa tebulo la zotsatira panadzaza zizindikiro zofiira, pamene cholakwika chinali chiganizo chimodzi chosowa. Zoterezi simungazidziwe pongowerenga chiwerengero cha amene anabwera.

Komanso musawapatse ntchito imene mungaigwire nokha. Ngati mumagwiritsa ntchito Bugzilla, pulogalamu yosungiramo malipoti a mavuto, ikani chizindikiro chimodzi pa malipoti onse a tsikulo, kuti muwerenge nokha amene atsekedwa ndi amene akadali otseguka, ndipo wokonzayo mumupatse mndandandawo kuti angothirirapo ndemanga.

woyesa_usiku wayankha:

Ndikugwirizana ndi mafunsowo, koma ndikukayika ngati fomu ingakuthandizeni. Okonza amakhala ochepa, ndipo munthu wotopa salemba zambiri m'kabokosi. Kucheza naye mphindi 15 pa Matrix kapena pa IRC (njira zochezera polemberana pa intaneti) kumatulutsa zambiri kuposa fomu yaitali. Muonjezerenso funso la nthawi: oyesa amakhala m'maiko osiyanasiyana, ndiye ena amafika wokonza ali m'tulo, n'kusowa wowayankha. Mufunseni maola a UTC (nthawi imodzi yoyendera dziko lonse lapansi) amene analipo, ndiponso ngati akanakonda kuti mayesowo atenge sabata yonse m'malo mwa tsiku limodzi.

wakale_pa_QA wayankha:

Anzanga afotokoza bwino za pambuyo pa tsikulo, koma ine ndikuona kuti funso loyamba liyenera kufunsidwa tsikulo lisanachitike, ndipo ndi lakuti wokonzayo akufuna kupeza chiyani. Zolinga zimasiyana kwambiri. Ma Bug Hunting Session a LibreOffice (mapulogalamu a ntchito za muofesi) cholinga chake ndi kusaka mavuto mu mtundu umene sunatuluke, pamene ma Bug Squashing Party a Debian (pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta) amasonkhanitsa anthu kuti akonze mavuto odziwika kale, makamaka amene akulepheretsa mtundu watsopano kutuluka. Woyesetsa kernel ya Linux (phata la pulogalamu yoyendetsa kompyuta) pa makompyuta osiyanasiyana angakhutire ngakhale pasapezeke vuto lililonse, malinga ngati zida zambiri zayesedwa, koma woyesetsa chinthu chatsopano angakhumudwe ndi zotsatira zomwezo. Mukalemba cholingacho m'mawu a mwini wake, mudzakhala ndi poyambira pomufunsa ngati chinakwaniritsidwa.

Musaiwalenso amene anapempha tsiku koma analeka lisanafike, ndi amene anakonzapo kamodzi osabweranso. Iwowa ndi amene akudziwa pamene ndondomeko yanu ikulemera, ngakhale kuti sapezeka pa mndandanda wa masiku amene anachitika. Afunseni pambali, osati pagulu, chifukwa munthu sanganene momasuka kuti thandizo linachepa pamene amene anayenera kumuthandiza akuwerenga.

Mukalandira mayankho, lembani mwachidule zimene mwamva ndi zimene mwasintha, monga chitsanzo chatsopano cha tsamba la malangizo kapena nthawi yolengezera tsikulo. Wokonza akaona kuti dandaulo lake lasintha kanthu adzayankhanso ulendo wina, koma akaona kuti mawu ake anangosungidwa, fomu yachiwiri sadzaitsegula.

mkonzi_wa_mayeso wayankha:

Zikomo kwambiri nonse. Ndaganiza zoika funso la cholinga pa fomu yopemphera tsiku, kucheza ndi wokonza aliyense sabata lomwelo, ndi kumutumizira mndandanda wa malipoti mtundu watsopano ukatuluka. Chimene chikundivutabe ndi cha amene analeka. Kodi ndi bwino kuti ndiwafunse ineyo, popeza ndine mmodzi mwa amene anayenera kuwathandiza, kapena tipemphe munthu wina wa kunja kwa kagulu kathu kuti alankhule nawo?